Chitseko cha ndege chimene tinkathamangitsira njovu

Chitseko chimene ndinapita nacho ku Chongwe chinakhala m'munda mwathu ku Kakumbi kuyambira ndili mnyamata. Si cha nyumba. N'cha ndege ya asilikali, yaing'ono ya injini imodzi, imene inagwera m'dambo la kuseri kwa mudzi wathu chaka china mvula itangoyamba. Oyendetsa ake awiri anatuluka amoyo, ndipo akulu anga a Tobiyasi ndiwo anawapeza n'kuwatsogolera kumsewu. Ndegeyo inatsala m'matope. Madzi ataphwa, a Tobiyasi anatola chitseko chake m'mabango. Chinathothoka pogwa paja, hinjesi yake ya m'mwamba itathyoka pakati.

Anachipachika pa chilindo ndi waya, kudzera pa hinjesi yothyokayo. Njovu zikalowa m'chimanga tinkachimenya ndi mpini wa khasu, ndipo kulira kwake kunkamveka mpaka kumtsinje. Mkati mwake munali zilembo ndi nambala za penti yakuda. Tonse awiri sitinkadziwa kuwerenga. Ine ndinalowa sukulu ya akuluakulu ndili kale ndi imvi zoyamba, ndipo chinthu choyamba chimene ndinawerenga popanda mphunzitsi chinali zilembo za pachitsekocho.

Patapita zaka kunabwera anthu ndi lole kudzatenga mafupa a ndege aja. A Tobiyasi anabisa chitseko pansi pa nkhokwe, poopa kuti katundu wa asilikali angawamangitse. Kenako tinamva pa wailesi kuti anthuwo ndi gulu la okalamba amene akukonzanso ndegeyo, ndipo aliyense amene ali ndi chidutswa chake abwere nacho, palibe mlandu. A Tobiyasi anandiuza kuti, "Lazaro, iwe umawerenga zikwangwani. Undiperekeze." Ndinati tikolole kaye. Titakolola ndinati tidikire kuzizira kuthe. Kuzizira kusanathe tinawaika m'manda. Zaka zapita zambiri, koma nthawi iliyonse ndikamenya chitsekocho ndinkamva mawu aja.

Chaka chino mkamwini wanga wogwira ntchito pa loji ku Nkwali anandipezera foni ya a Sakala, mmodzi wa oyambitsa gululo, amene amakhala ku Katete. Nditawaimbira, funso lawo linali limodzi. "Nambala ilipo mkati?" Ndinati ilipo. "Basi, bwerani nacho. Ndikwera basi yomweyo ku Katete, tipitire limodzi."

Ndinakachotsa chitseko kumunda n'kuchisiya kwa alamu anga, amake Esinati, mkazi wa malemu, kuti atsanzikane nacho. Nditapita kukachitenga dzuwa likupendeka, ndinachipeza chitatsamira pa khoma, chikuwala ngati poto watsopano. Alamu anali atakhala pambali pake, manja oyera ndi phulusa, beseni la mchenga pafupi. Anachikwecha kunja ndi mkati momwe, mmene amakwechera mapoto alendo akamabwera. Penti yonse inapita. Nambala inapitanso.

"Akulu anu sanali munthu wopita kwa anthu ali wakuda," anatero. "Mwachiona bwanji, alamu?"

Zala zawo zinali zitasupuka. Ndinayang'ana zalazo, ndinayang'ana chitseko, ndipo ndinati, "Chawala."

Anachikulunga m'chitenje chawo cha kutchalitchi, ine n'kuwonjezera masaka ndi chingwe. Ndinadziwa kuti ndikupita ndi chitseko chimene mwina akachikana. Akachikana, ndiye kuti ulendo wa a Tobiyasi walephereka kachiwiri, ndipo ndidzabwerera nacho kwa mayi amene anasupula zala zake pochikonzera ulendowo.

Ku Mfuwe ndinafika pokwerera minibasi m'mawa kusanatenthe. Kondakitala ananyamula katunduyo ndi dzanja limodzi n'kudabwa kupepuka kwake.

"Madala, ichi n'chiyani? Tivi?"

"Chitseko."

"Mukusamuka pang'onopang'ono? Denga mubwera nalo mawa?"

"N'cha ndege."

"Ndiye mukuvutikiranji ndi ife, osangouluka?"

Anthu anaseka, iye n'kundiuza kuti chitseko chilipira ngati munthu, popeza sichipindika. Sindinakangane naye. Anachiimika pakati pa maondo anga ndi mpando wakutsogolo, moti msewu ndinkauona ndi diso limodzi. Anati tinyamuka sikisi. Seveni inakwana tikudikira anthu awiri, eyiti inakwana tikudikira mmodzi, ndipo atabwera mmodziyo dalaivala anali atapita kukamwa tiyi. Mayi wina wokhala pambali panga, mkazi wa sikauti wolondera nyama kupaki, anagogoda katundu wanga ndi chala, n'kutchera khutu.

"Ndi chija chimalira ku Kakumbi chija? Ndiye mwachichotsa chimanga chisanalowe m'nkhokwe? Njovu zimva lero lomwe kuti chapita."

Ananena zoona. M'munda ndinasiya zitini zokha.

Tinayenda bwino mpaka kuyamba kukwera mapiri, pamene minibasi inayamba kupuma ngati nkhalamba. Pa chitunda china achinyamata anatsika kukakankha, ine ndinatsala ndi chitseko ndi amayi. Ku Chipata tinafika mabasi a ku Lusaka a m'mawa atapita onse. Ndinagona kwa mdzukulu wanga, ndipo mawa lake ndinali pa siteshoni m'bandakucha.

Basi yaikulu sinalole chitseko m'kati. Anachilowetsa m'buti, pamwamba pa matumba a mtedza, ndipo ndinaimirira pomwepo mpaka anatseka, kuti wina asaikepo njinga. Kulikonse kumene basi inaima ndinkatsika kukasuzumira. Mnyamata wa katundu anafika potopa nane. "Tate, chikathawa ndikuuzani," anatero.

Ku Katete anakwera munthu wamfupi wa tayi, atavala chipewa chabuluu chofwifwa. Anaima pakhomo n'kufunsa mokweza kuti a Chulu a ku Mfuwe ndi ati. Ndinakweza dzanja. Anapempha mtsikana amene anali pambali panga kuti asinthane mipando, n'kukhala.

"Mwadzuka bwanji, a Chulu? Mulankhule kukhutu ili. Linali ndinalisiya m'injini za boma."

A Sakala anali makaniko wa ndege za asilikali mpaka kupuma ntchito. Sanadikire kuti ndiwafunse. Kuchokera ku Katete kudutsa Sinda mpaka Petauke anandisimbira mmene gulu lawo linayambira, ndipo anthu a mipando yapafupi anamva nawo chifukwa munthu wogontha salankhula motsitsa.

Linayambira pamaliro. Mnzawo wina atamwalira, anapita kukapepesa, ndipo anapeza ana a malemu ataunjika katundu wa bambo awo kuseri kwa nyumba kuti agulitse kwa ogula zitsulo zakale. Panali bokosi la masipanala, chipewa cha woyendetsa ndege, fulasiki yophwanyika, theka la pulopela lamtengo, ndi zithunzi zodyedwa ndi chiswe m'mphepete. Anawo sanali oipa, sankadziwa kuti n'chiyani. Anzake anayi anapempha katunduyo n'kupita naye pa famu ya mmodzi wa iwo, a Daka, pafupi ndi Chongwe. Malo okhawo amene analipo linali khola la nkhuku zimene zinafa ndi chitopa.

"Tinasesa, tinapaka laimu, koma fungo linakana," anatero a Sakala. "Mpaka lero mvula ikagwa, mumamva kuti eni nyumba anali ndani. Akazi athu ankatitcha bungwe la zinyalala. Loweruka lililonse tinkakumana, kupukuta masipanala a munthu wakufa, kumwa tiyi, kukangana za ndege zimene sitidzazionanso. Kenako anthu anamva. Mayi wamasiye anabwera ndi jekete ya mwamuna wake. Wina anabwera ndi wotchi ya m'ndege imene ankaisunga m'kabati pamodzi ndi mbale za alendo. Tinaona kuti tili ndi zovala za ndege ndi mawotchi a ndege, ndege yeniyeni tilibe. A Daka ndiwo anakumbukira yanu ija ya m'dambo."

Anasimba za kupempha chilolezo, za lole imene inatitimira kawiri m'chigwa mwathu, ndi za mavu amene anali atamanga m'mapiko. Ndinawauza kuti lole ija ndinaiona ndili kuseri kwa nkhokwe. Anaseka n'kundimenya pa bondo.

Ku Nyimba tinagula nthochi pa zenera. Titangoyamba mapiri a kutsogolo kwake, basi inatulutsa nthunzi, dalaivala n'kuiimika pambali. Paipi ya madzi inali itaphulika. Anathyola masamba n'kuika pamsewu, ife tonse n'kutsika kukasaka mthunzi. Anati mphindi zochepa. Dzuwa linafika pamutu tikadali pomwepo. A Sakala anavula jekete n'kupita kukasuzumira injini, koma anabwerako msanga.

"Akuti, madala, iyi si ndege, kakhaleni pansi," anatero akusenda nthochi. "Nzoona. Ndege ikachita chonchi simukhala pansi pa mtengo kudya nthochi."

Pamthunzi pomwepo ndi pamene anafika pa nkhani imene ndinkaiopa. Wailesi italengeza, anthu anayamba kubwera ndi zitsulo zamitundumitundu, poganiza kuti kuli mphotho. Wina anabwera ndi chitseko cha fuliji atachipaka penti yobiriwira. Wina anabwera ndi lata la basi, n'kulumbira kuti agogo ake anaona likugwa kumwamba. Ndiye a Daka anaika lamulo: chidutswa chopanda nambala ya ndegeyo sichikwera pa ndege. A Daka anamwalira, ndipo ntchito ikutsogoleredwa ndi mwana wawo wamkazi, amenenso ndi makaniko.

"Mayi Daka ndi bambo ake enieni. Mwina kuposa. Ine ndinamunyamula ali khanda, koma ndikalakwitsa amandibweza."

"Nambalayo ine ndikuidziwa pamtima," ndinatero.

"Wa fuliji uja ankaidziwanso. Anaimva pa wailesi."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule kuti nambala inafufutika, koma kondakitala anakuwa kuti aliyense amene ali ndi botolo la madzi apereke, paipi yamangidwa ndi mphira. Tinathira m'basi madzi athu akumwa, ndipo tinanyamuka mwapang'onopang'ono, aliyense ali ndi ludzu.

Pa mlatho wa Luangwa apolisi anatiimitsa kuti aone katundu. Ndinayang'ana madziwo pansi n'kukumbukira kuti ndi omwewa amadutsa kwathu, ndipo afika kuno opanda kondakitala. Wapolisi wina wachinyamata analoza katundu wanga m'buti n'kunena mwaulemu kuti timasule. A Sakala anabwera pafupi akupukuta magalasi.

"Zili bwino," anatero, "nanenso ndikhale nditachiona."

Ndinamasula chingwe, ndinachotsa masaka, ndinafunyulula chitenje cha alamu. Dzuwa linagunda chitseko, wapolisi n'kutsinzina. Amayi ogulitsa nsomba zouma anasiya malonda kudzaona. A Sakala anachitembenuza. Anayang'ana pamene panayenera kukhala nambala, anapapasa ndi chala, anapendeketsa kuti kuwala kugwere chammbali. Panalibe kanthu, mizere ya mchenga yokha.

"Mwachitani, a Chulu?"

"Alamu anga anachikwecha. Mkazi wa malemu."

"Ndi chiyani?"

"Mchenga ndi phulusa."

Mayi wina wa nsomba anavomereza ndi mutu. "Amadziwa ntchito mayi ameneyo. Onani m'makona momwe."

A Sakala anavula chipewa, n'kuchivalanso. Wapolisi anafunsa ngati pali vuto, iwo anati palibe vuto la boma. Tinakulunganso. M'basi sanalankhule mpaka titadutsa Rufunsa, ndipo anthu amene anazolowera nkhani zawo ankacheuka kuona ngati agona. Ine ndinkaganiza mawu amene ndikanene kwa alamu. Ndinaganizanso zotsika pa Rufunsa pomwepo n'kudikira basi yobwerera.

Kenako a Sakala anati, osandiyang'ana, "Mkazi wanga anachapa jekete ya mayi wamasiye ija ndi sopo wa mbale. Inali ndi mafuta a injini a zaka ndi zaka. Anati sangalole chinthu chonunkha chipachikidwe pamaso pa alendo." "Sindikulonjezani kanthu. Koma mwafika kale kuno, mukachione chimene akulu anu ankafuna kuona."

Tinatsika ku Chongwe dzuwa litafiira, n'kugona pa famupo. M'mawa anandilowetsa m'khola la nkhuku lija. Analiwonjezera kutalika ndi malata, koma khoma lakale lilipo, ndipo pamenepo ndi pamene pali bokosi la masipanala, chipewa, fulasiki, theka la pulopela, jekete yoyera kuposa zinzake, ndi chithunzi cha amuna anayi ataima kutsogolo kwa lole yodzaza matope. Pakati panali ndege. Ndinaisiya ili mafupa m'bango, ndinaipeza itaima pa matayala ake, mapiko ali m'malo. Siuluka, ndipo a Sakala akuti mwina sidzaulukanso. Ana a sukulu amabwera kudzakhala pampando wa woyendetsa. Kumanja kwake kunali chitseko chotuwa chimene anachipanga okha ndi lata latsopano, chomangidwa ndi waya chifukwa sichinkatsekeka bwino.

Mayi Daka anabwera atavala ovolosi, anandipatsa moni mogwada pang'ono, n'kumvetsera a Sakala akufotokoza. Anayang'ana chitseko changa nthawi yaitali.

"Atate, mwayenda ulendo wautali, ndipo ndikuthokoza. Chitsulo chake ndi cha ndege, zimenezo sindikukana. Koma ndege zamtundu uwu zinalipo zingapo. Popanda nambala tingachiike kukhoma, osati pa ndege."

"Kukhoma kuli fulasiki," ndinatero. Sindikudziwa chifukwa chake ndinanena zimenezo.

"Mwana wanga," anatero a Sakala, "kuyesa kokha."

"Amalume, lamulo munaika ndinu."

"Anaika ndi bambo ako. Ine ndinali kuchimbudzi."

Mayi Daka sanaseke, koma anagwada n'kuyamba kuyendetsa chala m'mphepete mwa chitseko. Atafika pa hinjesi ya m'mwamba anaima. Waya wa a Tobiyasi unali ukadali pomwepo. Alamu anaukwechanso koma sanauchotse.

"Iyi munaidula ndinu?"

"Inathyoka pogwa. Akulu anga anachitola chili choncho, n'chifukwa chake anapachikira pamenepo."

Anaimirira, anapita pa ndege, n'kumasula waya wa chitseko chotuwa chija. Pa ndege panali theka la hinjesi yakale, lothyoka mokhotakhota. Anandiuza kuti bambo ake anakana kulichotsa, ankati mnzake adzabwera. Ananyamula chitseko changa yekha, anachikweza, n'kuchisendeza pang'onopang'ono. Mano a hinjesi ziwirizo analowana ngati zidutswa za mphika umodzi, osasiya mpata ngakhale wolowa tsitsi.

A Sakala anatulutsa mpango n'kuyamba kupukuta magalasi amene anali oyera kale. Ine ndinakhala pa bokosi.

"Nanga maenjemaenje awa?" anafunsa mayi Daka, akupapasa pakati pa chitseko.

"Ndi njovu. Tinkachimenya kuti zichoke m'munda. Ngati muli ndi nyundo mungawongole."

"Palibe amene awongole. Ana akafunsa, tiziwauza kuti chinkagwira ntchito yanji zaka zonsezi, ndi dzina la amene anachisunga. Akulu anu anali ndani?"

"A Tobiyasi Chulu."

Anabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana ndege yonse yotuwa ndi chitseko chimodzi chonyezimira. Apo ndi pamene anaseka. "Mukawauze alamu anu kuti pa ndege yonseyi palibe chowala ngati chawo. Koma asabwere kuno ndi mchenga."

Pa tiyi a Sakala anafunsa chimene ndasiya m'munda, ndipo ndinati zitini. Anayang'anana ndi mayi Daka. Mayi Daka anadzuka, anatenga chitseko chotuwa chimene anachotsa pa ndege chija, anachigwira ndi waya wake, n'kuchimenya ndi sipanala. Nkhunda zinathawa padenga.

"Pa ndege chinakana," anatero. "Mwina kwa njovu chikavomera."

Ndiye ndinabwerera ndi chitseko monga ndinapitira. Mnyamata wa katundu uja ndinakumana nayenso ku Chipata, ndipo anandifunsa ngati achikana. Ndinati ayi, ichi n'china. Kondakitala wa ku Mfuwe anati ndikapitiriza chonchi, pofika Khirisimasi ndikhala ndi ndege yonse, ndipo anandilipiritsanso ngati munthu.

Ndinafika ku Kakumbi madzulo, n'kupita kwa alamu ndisanalowe kwanga. Njovu zinali zitadya mizere ya kumalire, koma chimanga chambiri chinalipo. Ndinawabwezera chitenje chawo n'kuwauza kuti chitseko chili pa ndege, pamalo ake, ndi dzina la akulu. Anapinda chitenjecho.

"Za kuwala anati chiyani?"

"Anati pa ndege yonse palibe chowala ngati chanu."

Anavomereza ndi mutu ngati munthu amene wauzidwa zimene ankadziwa kale. Kenako anayang'ana chitseko chatsopano chimene ndinachitsamiritsa pa khoma, anachipaka chala, n'kuyang'ana chalacho.

"Nanga ichi akupatsani chakuda chonchi?"

Anatenga beseni n'kulowera kumtsinje kukatapa mchenga. Ndinawaleka apite.